Kompyuta ikati madigiri 127, musathamangire kugula fani

Pa manambala onse amene pulogalamu yowerenga masensa a m'kompyuta ya HWMonitor imaonetsa, palibe imene ndaiona ikusowetsa anthu tulo ngati 127. Munthu watsitsa pulogalamuyi pa intaneti chifukwa kompyuta yake yayamba kuchedwa, waitsegula, maso n'kugwera pa mzere wolembedwa kuti AUXTIN kapena TMPIN2, pambali pake pali 127 °C. Akakumbukira kuti madzi amawira pa madigiri 100, mtima umapita m'mwamba. Amazimitsa kompyuta nthawi yomweyo, mawa lake n'kulawirira ku shopu kwanga bokosi lili pa phewa, akufuna fani yatsopano.

Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, ndipo ambiri amene amandipeza ndi ogwiritsidwa kale ntchito, ochokera kunja, amene eni ake anawagula atasunga ndalama kwa nthawi yaitali. Chimandiwawa munthu wotere akagula chipangizo chimene sichinafunike kugulidwa, chifukwa cha nambala imene palibe sensa iliyonse m'kompyutamo imene inaiyeza. N'chifukwa chake ndafuna ndilembe bwinobwino kumene manambala amenewa amachokera. Nambala iliyonse imadutsa m'manja angapo isanafike pa sikirini, ndipo ukadziwa njira imene yadzera, umadziwanso ngati ndi yoti uikhulupirire.

Pa motherboard, bodi yaikulu ya m'kompyuta ya pa desiki, pamakhala chip yaing'ono yakuda, ya miyendo yambirimbiri, yotchedwa Super I/O. Mukaunika ndi tochi muona dzina la kampani imene inaipanga: Nuvoton, ITE, Fintek, kapena Winbond pa mabodi akale. Ina mwa ntchito zake ndi kuwerenga kutentha kwa malo osiyanasiyana, mphamvu ya magetsi ndi liwiro la mafani. Chip imodzimodziyo imagulitsidwa kwa makampani ambiri opanga mabodi, choncho imabwera ndi malo ochuluka olumikizapo masensa, kuti aliyense atengepo amene akufuna. Wopanga bodi yotsika mtengo amalumikiza masensa awiri kapena atatu, malo enawo n'kuwasiya opanda kanthu. Pulogalamu ya pa Windows siiona mawaya. Imangofunsa malo onse, ndipo chilichonse chimene chip yayankha imachilemba pa sikirini n'kuikapo °C kumapeto.

Malo opanda sensa nawonso amayankha. Kawirikawiri amapereka 127 kapena -128, chifukwa amenewa ndiwo malire a nambala imene ingakwane mu mabiti 8 ikakhala yoti itha kutsika kupitirira ziro. Zili ngati sikelo ya pamsika imene muvi wake wakafika kumapeto kwenikweni pomwe pa ngowe palibe thumba. Nthawi zina malo otere amatola tizizindikiro ta magetsi odutsa pafupi, ndiye mumaona 98, kenako 112, kenako 6, kudumphadumpha popanda dongosolo.

Njira yodziwira siifuna ndalama. Ipatseni purosesa ntchito yolemetsa, muone ngati nambalayo isuntha. Ine ndimakonda CPU-Z chifukwa ndi yaing'ono, siidya bandulo, ndipo pa tsamba lake la Bench pali batani la Stress CPU. Mukalidina, sensa ya purosesa imakwera m'masekondi ochepa, ya pafupi ndi tizipangizo toperekera magetsi ku purosesa imatsatira pang'onopang'ono, ndipo mukaimitsa zonse zimatsika mwa dongosolo lomwelo. Nambala imene yaima nji pa 127 kompyuta itangoyatsidwa m'mawa kukuzizira, n'kukhalabe 127 ntchito ili m'kati, siikuyeza kanthu. Lowaninso mu BIOS, pulogalamu ya pa bodi imene imayamba kugwira Windows isanatseguke, pa tsamba loonetsa kutentha. Amene anakonza BIOS ndi omwe anapanga bodiyo, amadziwa masensa amene analumikiza, ndipo opanda kanthuwo sawaonetsa. Musadabwe mukaona kuti mu BIOS purosesa yatenthako pang'ono kuposa mmene imakhalira pa Windows ikakhala phee, poti mmenemo njira zambiri zosungira magetsi zimakhala zisanayambe kugwira.

Komabe nambala yabodza imene imandidetsa nkhawa kwambiri ndi 27.8, chifukwa imaoneka yabwino. Amene amagwiritsa ntchito Linux akalemba lamulo la sensors amaona mzere wa acpitz uli pa 27.8 °C, nthawi zambiri ndi unzake wa 29.8 °C, ndipo mapulogalamu ena a pa Windows amaonetsanso yomweyi pansi pa dzina la ACPI, njira imene BIOS imauzira Windows kapena Linux za magetsi ndi kutentha. Kompyuta ingatenthe bwanji, siisintha. ACPI imasunga kutentha mu magawo khumi a kelvin, ndipo pa mabodi ambiri munangolembedwa 3010 mu BIOS, nambala yosasuntha. Imeneyo ndi makelvin 301.0, ndipo mukachotsapo 273.2 mupeza 27.8. Munthu amene akudalira mzere umenewu amagona mtima uli m'malo pomwe heatsink, chitsulo chochotsa kutentha pa purosesa, yatsekeka ndi fumbi. Pa Linux pomwepo, ma SSD a NVMe nthawi zina amaonetsa malire a kutentha a 65261.8 °C. Imeneyo ndi 65535, nambala yaikulu kwambiri yokwana mu mabiti 16, itachotsedwa 273.15. Tanthauzo lake ndi loti palibe malire amene anaikidwa pa sensa imeneyo, basi.

Kutentha kwa purosesa kumawerengedwa ndi masensa a m'kati mwake momwemo, ndipo pamenepo ndi poyenera kuyambira. Koma napo pali nkhani. Sensa ya purosesa ya Intel siinena kuti ili pa madigiri 60. Imanena kuti kwatsala madigiri 40 kuti ifike pa malire. Malire amenewo amatchedwa TjMax, ndipo pulogalamu ndi imene imachita masamu: 100 kuchotsa 40, yankho 60. Kuyambira pa ma Core i7 oyamba a mu 2008, purosesa imanena yokha TjMax yake, choncho mapulogalamu amagwirizana. Ma Core 2 Duo, amene akadali m'maofesi ndi m'masukulu ena kuno kwathu, sanena. Wolemba pulogalamu aliyense ankangoyerekeza, wina 85, wina 95, wina 100, wina 105. Mapulogalamu awiri pa kompyuta imodzi amatha kusiyana ndi madigiri 10 kapena 15, onse akuwerenga sensa yomweyo. Pa makina otere ndimasintha pulogalamu ya Core Temp kuti izionetsa mtunda wotsala kukafika pa TjMax, poti imeneyo ndiyo nambala imene yachokera ku purosesa osakhudzidwa ndi munthu. Ikatsala 25 kapena 30 pa ntchito yolemetsa, ndimakhutira. Ikatsala 5, ndimatsegula bokosi.

AMD ili ndi zake. Ryzen 7 1700X ndi 1800X zitatuluka mu 2017, zinkaonetsa kutentha kokwera ndi madigiri 20 kuposa kwenikweni. Kampaniyo inafotokoza kuti inachita dala, pofuna kuti mafani aziyendetsedwa ndi lamulo limodzi pa mapurosesa onse a Ryzen. Nambala yowonjezeredwayo imatchedwa Tctl, yeniyeniyo Tdie. Pa Ryzen 7 2700X kusiyana kwake ndi 10, pa Threadripper 1950X ndi 27. Pulogalamu ya HWiNFO imaonetsa zonse ziwiri ndi mayina ake, pomwe mapulogalamu ena amangotola imodzi n'kulemba CPU. Ma AMD FX akale amalakwitsa kulowera mbali inayo: ikakhala siikugwira ntchito, purosesa imatha kuonetsa madigiri 12 m'chipinda chimene inu mukutuluka thukuta. Fani siingaziziritse chinthu kuposa mpweya umene ikukoka, ndiye nambala yotsika kuposa kutentha kwa chipinda ndi yoti muidutse. Masensa a mtundu umenewo amayamba kunena zoona purosesa ikatentha ndithu.

Palinso manambala akulu amene ndi oona koma si vuto. Ryzen 7000, ya mu 2022, inapangidwa kuti pa ntchito yolemetsa izikwera mpaka madigiri 95 n'kukhazikika pomwepo, ikudzipatsa liwiro lonse limene kuzizira kukulola. Pa graphics card pamakhala kutentha kwa m'mbali ndi kwa malo otenthetsetsa, kotchedwa hot spot kapena junction, ndipo mu 2019 AMD inanena poyera kuti pa Radeon RX 5700 malo otenthetsetsawo kufika 110 ndi m'kati mwa malire. Munthu amene wazolowera kuona 75 ya m'mbali akatsegula pulogalamu ina yoonetsa hot spot amaganiza kuti khadi yawonongeka usiku umodzi, pomwe wangosintha sensa imene akuyang'ana.

Chimene ndimafuna kudziwa ine ndi chakuti, kodi purosesa ikudzibweza yokha chifukwa cha kutentha? Ikafika pa malire imatsitsa liwiro kuti isapse, ndipo mu HWiNFO muli mzere wa Core Thermal Throttling umene umangoti Yes kapena No. Mzere umenewo ndimaukhulupirira kuposa madigiri, chifukwa ndi purosesa yomweyo imene ikunena, popanda masamu a wina pakati. Ndipo musaiwale chipinda. Amene amayesa zipangizo kumayiko akunja amayesera m'zipinda zozizira za madigiri 20 ndi pang'ono. Mu Okutobala, masana, m'kaofesi ka malata kopanda siling'i, mpweya umene fani ikukoka umakhala utatentha kale kupitirira 30. Madigiri owonjezerawo amakwera molunjika pa nambala yanu. Mukaona pa intaneti kuti purosesa ngati yanu imakhala pa 70, yanu ili pa 82, musanaganize za thermal paste, phala lopaka pakati pa purosesa ndi heatsink, yang'anani kaye kutentha kwa m'chipindamo.

Laputopu ndi nkhani ina chifukwa masensa ake ambiri ali pansi pa chip yotchedwa embedded controller, imene kampani iliyonse imaikonza mwa njira yakeyake, ndipo mapulogalamu ambiri satha kuwerenga ngakhale liwiro la fani. Koma pali vuto limodzi la malaputopu limene ndimakumana nalo kawirikawiri. Makina akukwawa, Task Manager ikuonetsa 0.79 GHz kapena 0.39 GHz osasuntha, koma kutentha kuli pa 45 basi. Mwini wake amasokonezeka, poti anamva kuti kuchedwa kumabwera ndi kutentha. Chimene chimachitika ndi chakuti mapurosesa a Intel ali ndi njira yotchedwa BD PROCHOT, imene zipangizo zina za pa bodi zimadzera pouza purosesa kuti ichepetse liwiro msanga. Sensa ya pa bodi ikafa, batire ikatha, kapena laputopu ikalephera kuzindikira chaja, uthengawo umatumizidwa osalekeza. Malaputopu ena amazindikira chaja kudzera pa kasingano ka pakati pa pulagi, ndiye kakapindika, kapena chaja ikakhala yongofanizira, makina amakana kuthamanga. Pulogalamu ya ThrottleStop imaonetsa ngati BD PROCHOT ndiyo ikugwira, ndipo imalola kuizimitsa. Ine sindizimitsa ndisanayese chaja ina yeniyeni ndi kuchotsa batire, chifukwa nthawi zina chenjezolo limakhala loona, kuli chipangizo china chimene chikupsa kutali ndi purosesa.

Za mafani sindichedwapo. Fani ya mawaya awiri ilibe waya wotumizira liwiro, ndipo yolumikizidwa molunjika ku power supply, bokosi loperekera magetsi m'kompyuta, bodi siiidziwa, choncho 0 RPM pamenepo si nkhani. Ma graphics card ambiri amakono amaimitsa dala mafani mpaka kutentha kufike cha m'ma 50 kapena 60. Mafani awiri akagawana malo amodzi pa bodi, mumaona liwiro la imodzi yokha, inzake itha kufa inu osadziwa. Chotsani chivundikiro cha m'mbali muone ndi maso.

Munthu akayamba kukayikira nambala amatsitsa pulogalamu yachiwiri kuti atsimikize, kenako yachitatu, zonse n'kuzitsegula pamodzi. Apa ndiye zinthu zimasokonekera zenizeni. Kuti pulogalamu iwerenge Super I/O imayamba yauza chip malo amene ikufuna, kenako n'kutenga yankho. Ina ikalowerera pakati pa masitepe awiriwa, yoyamba ija imalandira yankho la funso la inzake. Olemba mapulogalamu odziwika anagwirizana njira yodikirirana, koma si onse amene amaitsatira, makamaka ena obwera ndi bodi ndi ena oyendetsa timagetsi tamitundumitundu tokongoletsera. Kulakwitsa kwa kamphindi kamodzi kumakakhala mu danga la Max mpaka mutatseka pulogalamu, ndiye munthu amabwera ndi chithunzi pa foni cha Max 255 °C. Tsekani ena onse, mutsale ndi imodzi, mufufute Min ndi Max, muyambirenso. Izi si za manambala okha. Zolemba za Linux zimachenjeza kuti pa mabodi ena a ASUS, monga Prime X470-Pro, kufunsa masensa pafupipafupi kudzera mu BIOS kutha kuimitsa mafani, kuwasiya pa liwiro lonse, kapena kuumitsa nambala ya kutentha pamalo amodzi.

Pulogalamu ya SpeedFan ikadayendabe pa mafulashi a anzanga okonza makompyuta. Inali yabwino pa nthawi yake, koma yomaliza, 4.52, inatuluka mu 2016, ndipo ma chip obwera pambuyo pake siiwadziwa. Ndipo kuyambira mu Marichi 2025, Microsoft Defender, yoteteza Windows ku mavayirasi, inayamba kugwira dirayiva (kapulogalamu kolumikiza Windows ndi zipangizo) yakale yotchedwa WinRing0, imene mapulogalamu monga LibreHardwareMonitor, Fan Control ndi OpenRGB ankadalira kuti afike ku masensa. Dirayivayo ili ndi chibowo chodziwika chimene pulogalamu yoipa itha kudzerapo n'kulamulira kompyuta yonse. Defender ikaichotsa, pulogalamu imatseguka bwinobwino koma mizere yambiri imasowa kapena imaonetsa ziro, ndiye munthu amaganiza kuti masensa afa. Ndawaona ena akuzimitsa Defender kuti manambala abwerere. Musachite zimenezo. Tsitsani pulogalamuyo yatsopano kuchokera kwa eni ake, kapena gwiritsani ntchito HWiNFO imene ili ndi dirayiva yakeyake.

Tsopano za magetsi, kumene ndalama zambiri zimatayikira. Bambo ena amene ali ndi malo ojambulira zithunzi za ziphaso ndi kusindikiza mapepala anafika ndi kompyuta yawo, nkhope ili yakugwa.

"Achimwene, mwana wanga wandionetsa pa pulogalamu, akuti power supply yatha. Pa 12V pakuoneka 7.9. Mundipezere ina, bola isakhale yodula kwambiri."

"Bambo, kompyutayi ikuyaka?"

"Ikuyaka. Koma imangoima pakati pa ntchito, kenako n'kupitiriza."

"Ndiye tiyeni tiyeze kaye tisanagule kanthu."

Magetsi a 12V ndi amene amadyetsa purosesa ndi kuzungulitsa mota ya hard disk. Akanakhala kuti atsikadi kufika 7.9, kompyuta sikanafika n'komwe pa Windows. Ndinatenga multimeter, chipangizo choyezera magetsi, n'kuika pa DC, nsonga yakuda pa waya wakuda, yofiira pa waya wachikasu wa pulagi ya Molex imene inali yosagwiritsidwa ntchito, kompyuta ili chiyakire. Inaonetsa 12.1. Nditaipatsa ntchito yolemetsa inatsika pang'ono chabe. Lamulo la ma power supply la ATX limene takhala tikulitsatira limalola kusiyana kwa 5 peresenti: waya wachikasu pakati pa 11.4 ndi 12.6, wofiira wa 5V pakati pa 4.75 ndi 5.25, wa olenji wa 3.3V pakati pa 3.14 ndi 3.47. Power supply ya bambowo inalibe mlandu.

Nanga 7.9 inachokera kuti? Super I/O siingalandire ma volt 12 molunjika. Zamakono zimayeza mpaka ma volt awiri kapena atatu, zakale anayi. Choncho wopanga bodi amaika ma resistor awiri otsitsa magetsiwo, mwachitsanzo 12 kukhala 1, chip n'kuyeza kamodziko, ndipo pulogalamu iyenera kuchulukitsa kuti ibwerere pa 12. Koma ichulukitse ndi chiyani? Zimatengera ma resistor amene wopanga bodiyo anasankha, ndi mwendo wa chip umene analumikizako, ndipo zimenezi palibe pamene zinalembedwa poti pulogalamu iwerenge. Olemba mapulogalamu amasunga mndandanda wa mabodi amene amawadziwa. Bodi ikakhala yachilendo, monga zambiri za makompyuta a muofesi amene amatipeza kuno, pulogalamu imayerekeza, ndipo itha kutenga mwendo wa 5V n'kuulemba kuti 12V. Pa Linux zimaonekera poyera: mumaona in0, in1, in2 ndi timanambala ngati 1.02 V, pambali pake mawu oti ALARM, chifukwa palibe amene wauza lm-sensors, pulogalamu yowerenga masensa pa Linux, kuchulukitsa kwake ndi malire ake. ALARM ameneyo asakuopseni. BIOS ikakhala ndi tsamba la magetsi, ndiyo imachulukitsa molondola, koma woweruza womaliza ndi multimeter. Yezerani pa mapulagi a kunja okha. Bokosi la power supply musalitsegule, muli ma capacitor amene amasunga magetsi oopsa ngakhale mutazula pulagi ku khoma.

Funso la bambo aja linali lisanayankhidwe, poti kompyuta inkaimadi. Ndinatsegula CrystalDiskInfo, pulogalamu yoonera mmene disk ilili, ndipo pamwamba panali pachikasu, palembedwa Caution. Mzere wa C5 unali ndi nambala, wa 05 chimodzimodzi. Hard disk inali ikufa, ndipo kuima kuja kunali pamene inkalimbana ndi kuwerenga malo owonongeka. Mmenemo munali zithunzi za makasitomala, makalata ofunsira ntchito amene anthu amabwera kudzasindikizanso, ndi kaundula wa ngongole. Tinakopera zonse tsiku lomwelo, kuyambira ndi zofunika kwambiri, ndipo mafayilo ochepa okha ndi amene anakana. Ndalama imene anakonzera power supply inapita ku SSD.

Manambala a disk ndi amene ndimafuna anthu aziwaopa, koma ndi amene sawayang'ana, mwina chifukwa tebulo lake ndi losokoneza. Dongosolo lake limatchedwa SMART, ndipo mzere uliwonse uli ndi nambala yake. Mzere 5 umawerenga malo owonongeka amene disk yawasiya n'kusamukira pa ena osungira. Mzere 197, umene CrystalDiskInfo imaulemba C5, ndi malo amene akukanika kuwerengeka ndipo akudikira chigamulo. Mzere 198, kapena C6, ndi amene akanikiratu. Mizere itatuyi iyenera kukhala pa ziro mu danga la Raw Values. Madanga a Current ndi Worst si chiwerengero cha zowonongeka, ndi mapointi amene amayambira pamwamba, monga 100 kapena 200, n'kumatsika, choncho 100 pamenepo ndi nkhani yabwino. Chinanso, Raw Values imabwera mu hexadecimal: mukaona 10 ndiye kuti 16, mukaona 100 ndiye kuti 256. Pitani pa Function, Advanced Feature, Raw Values, musankhe 10 DEC kuti muziwerenga manambala wamba.

Mzere 199, C7, ukamakwera nthawi zambiri vuto ndi chingwe cha SATA kapena polumikizira pake. Sinthani chingwe, nambalayo siibwerera pa ziro koma iyenera kuleka kukwera. Pa ma disk a Seagate mizere 1 ndi 7 imaonetsa mamiliyoni ngakhale disk ili yatsopano, chifukwa kampaniyo imasunga pamenepo chiwerengero cha ntchito zonse zimene disk yachita pamodzi ndi zolakwika. Ndaonapo disk yabwinobwino itachotsedwa chifukwa cha mamiliyoni amenewa.

Mu 2007 akatswiri a ku Google anatulutsa kafukufuku wa ma hard disk opitirira 100,000 a m'makina awo. Anapeza kuti disk ikangosamutsa malo owonongeka koyamba, mpata woti ife m'masiku 60 otsatira umakula kupitirira ka 14 poyerekeza ndi imene sinasamutsepo. Anapezanso kuti kupitirira 36 peresenti ya ma disk amene anafa sanaonetse chizindikiro chilichonse pa SMART. Choncho chikasu chikaoneka koperani mafayilo lero lomwe, ndipo chikapanda kuoneka muzikoperabe.

Vuto lovuta kwambiri ndi kompyuta imene imangozima yokha, poti pamene ikuzima simukhala mukuyang'ana manambala, ndipo ikayakanso zonse zimaoneka bwino. Event Viewer, kaundula wa zochitika pa Windows, imalemba Kernel-Power 41, ndipo anthu ambiri akaona mawu oti Power amathamangira power supply. Uthengawo umangotanthauza kuti Windows sinatsekedwe mwa dongosolo. Ungabwere chifukwa cha kutentha, RAM, dirayiva, ngakhale mwana amene wakoka chingwe.

Pamenepa ndimagwiritsa ntchito logging ya HWiNFO. Pansi pa tsamba la masensa pali batani loyambitsira kulemba manambala onse mu fayilo ya CSV. Ndimaliyatsa, n'kumuuza mwini kompyuta agwire ntchito yake ya masiku onse mpaka izime. Ikayakanso timatsegula fayiloyo mu Excel n'kupita ku mizere yomaliza. Ngati kutentha kunali kukwera, 88, 94, 99, ndipo Thermal Throttling yasanduka Yes, nkhani yatha: ndimachotsa heatsink, ndimapeza fumbi lati tho pakati pa timapepala ta chitsulo, thermal paste itauma gwa. Popemerera fumbi gwirani fani ndi chala isazungulire mopitirira muyeso, ndipo paste yatsopano ikhale kadontho kakang'ono pakati. Pa mabodi a Intel a timiyendo tinayi tapulasitiki, onetsetsani kuti tonse talowa, chifukwa kamodzi kakatsala heatsink imapendekeka ndipo kutentha kumalumpha m'sekondi imodzi.

Koma ngati mzere womaliza ukuonetsa madigiri 58, mafani akuzungulira, magetsi ali m'malo, ndiye kuti chimene chinazimitsa kompyuta chinachitika mofulumira kuposa mmene pulogalamu imaonera. HWiNFO imawerenga masensa kamodzi pa masekondi awiri ngati simunasinthe. Power supply yabwino imatha kupirira magetsi atadukiza kwa mamilisekondi 16 kapena 17 okha, ndipo yokalamba, ya ma capacitor otopa, siifikanso pamenepo. Kuphethira kwa magetsi pamene inveta ikusintha kuchoka ku magetsi a pa khoma kupita ku batire, kapena pamene firiji kapena fotokope yayamba pa soketi yomweyo, kumatha pulogalamu isanafunse n'komwe. Multimeter nayonso siikuona. Zikatero ndimafunsa mwini wake kuti kompyuta imalumikizidwa pati, ndi chiyani china chili pa ekisitenshoni yomweyo, ndipo imakonda kuzima nthawi yanji. Kenako ndimaiyesa pa UPS, chipangizo cha batire chogwiriziza magetsi akadukiza, ndimayendetsa pulogalamu ya MemTest86 usiku wonse kuti ndione RAM, ndipo ndikafika pokayikira power supply ndimaikamo yanga yoyesera imene ndimaidziwa bwino, n'kumubwezera kompyuta akagwirire ntchito kwawo kwa masiku angapo. Ikasiya kuzima, pamenepo ndi pamene ndimamuuza kuti akagule yatsopano.